Mwana Akamawerengera Mayeso, Pakhomo Pazisintha

Ana anga, inu amene muli ndi mwana wa Folomu 4 pakhomo, senderani kuno ndikuuzeni. Ndimakumvani mukamadandaula potuluka m'tchalitchi, kuchigayo ngakhale pamaliro: "Masamu awowa ife sitiwadziwa, Chingerezi chathu chinathera mu Sitandade 8, ndiye timuthandiza chiyani?" Enanso mumati mukalipira fizi n'kugula yunifolomu ndiye kuti mbali yanu yatha, zotsalazo adziwana ndi aphunzitsi ake. Ine gogo wawo wa anawo ndikukana. Za m'mabuku asiyireni aphunzitsi, pamenepo sinditsutsa. Koma chilipo chimene ngakhale mphunzitsi wamkulu sangampatse mwana, pakuti chili m'manja mwanu: nthawi yake kuyambira pamene waweruka mpaka m'mawa pamene akunyamukanso. Wolamula kuti akatunge madzi ndani, apite kumunda ndani, nyali ikhale m'chipinda chiti, wailesi izime liti, ndinu. Mwana amalemba yekha, koma maola owerengera amachita kupatsidwa ndi apakhomo pake.

Tayambani mwaona pamene mayesowa amagwera. Zaka zambiri bungwe la MANEB, lija lili ku Zomba, limalembetsa mayeso a MSCE mu Juni ndi Julayi. Mukawerenga chobwerera m'mbuyo mupeza kuti mwana amayenera kubwereza zonse za Folomu 3 ndi Folomu 4 mu Malichi, Epulo ndi Meyi. Imeneyo ndi miyezi yomwenso ntchito imatichulukira: kusanja mikukwe, kukolola, kututa, kutonola chimanga, kukumba ndi kuthothola mtedza, kumenya soya. Kwa alimi a fodya ndiye kusankha masamba ndi kudinda mabelo opita ku okushoni. Dzuwa nalo limalowa msanga, mu Juni ikamakwana 6 koloko kunja kumakhala kutada. Mwana wa sukulu yoyendera, amene amaponda mtunda wautali kupita ku CDSS ndi kubwerako, akafika pakhomo n'kupeza dengu likumudikira, tsiku limenelo lapita.

Sindikunena kuti wa Folomu 4 asanduke mlendo wongodikira nsima. Azisesa, azichapa zovala zake, Loweruka m'mawa apite nawo kumunda, pakuti thupi likagwira ntchito mutu umapumako. Koma ntchito zodya tsiku lonse muchotsereni mpaka atalemba. Ngati kandalama kalipo, lembani waganyu. Ngati palibe, itanani abale: atsibweni ake, azakhali ake, asuweni ake, muwauze poyera kuti chaka chino uje akulemba, tithandizeni kukolola. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi muikambe ana onse ali pomwepo, kuti azing'ono ake asamaone ngati mukukondera, adziwe kuti chaka chawo chikadzafika nawonso adzapumitsidwa chimodzimodzi.

Apa ndiyankhule ndi inu amayi, ndipo ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mtima umandiwawa. Mnyamata akatenga kope n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, mumanong'oneza ana kuti musasokose, achimwene anu akuwerenga. Mtsikana akatenga kope lomwelo, sipatha mphindi khumi musanamuitane: taona ndiwo pamotopo, tabereka mwanayu, madzi atha mumtsuko, alendo abwera takawalandira. Simuchita dala, ndikudziwa. Dzina lake ndi limene lili pafupi pakamwa. Koma pepala limene akalembe awiriwa ndi limodzi, ndipo wolichonga sadzadziwa kuti uyu anadzuka mbandakucha kukaima pamzere kumjigo pamene mlongo wake anali m'bulangete. Tsiku lina mungoyesa kuwerenga kuti mwamuitana kangati chiwerukire, mudzadabwa. Inu abambo, kukwezera zigubu za madzi panjinga sikuchotsa ulemu wa munthu. Anyamata a pakhomopo aphunzire kuvundula nsima, sadzafa nayo. Chinanso, mayesowa amatenga masabata angapo, choncho masiku ake akumwezi akhoza kugwera pakati pomwepo. Mukonzereni zodzisamalira zokwanira, sopo ndi mankhwala opha ululu iye asanapemphe, chifukwa ambiri manyazi amawagwira n'kungovutika chamumtima m'chipinda cholembera.

Tsono kuti muzitha kucheza naye za mayeso ake, dziwani kawerengedwe kake. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, kuja amati distinction. 3 mpaka 6 ndi credit. 7 ndi 8 ndi kungodutsa. 9 ndi kulephera. Mukamva kuti mwana wa uje wapeza mapointi 6, ndiye kuti pa maphunziro 6 amene anakhoza bwino koposa, lililonse anapeza 1. Mapointi akamachepa ndiye kuti zili bwino. Kuti alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo pa credit, kapena maphunziro 5, atatu mwa iwo pa credit, ndipo monsemo Chingerezi chikhalemo. Wofuna malo ku yunivesite za boma, kaya ku Chancellor ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku Bunda, ku MUST ku Thyolo, ku KUHeS kapena ku Mzuni, kumene amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE, afunika ma credit 6, Chingerezi chili momwemo. Mwana atha kukhala katswiri wa masamu, koma akagwa Chingerezi satifiketi palibe.

Ndiye zotsatira za mayeso oyeserera aja amati mock zikabwera, musathamangire kufunsa kuti wakhala nambala chiyani m'kalasi. Khalani naye pamkeka, mufunse kuti maphunziro ake 6 odalirika ndi ati, Chingerezi chili pati, ndipo lomwe lili pa 7 likufuna chiyani kuti likwere pa 6. Ana amakonda kuwerenga zimene akuzidziwa kale chifukwa zimawapatsa mtima, n'kumazemba zowapweteka mutu. Funso lanu likhoza kumubwezera ku phunziro limene wakhala akulithawa. Kusukulunso pitani, musadikire kuti akuitaneni mwana atalakwa. Safunsa anadya phula. Kafunseni aphunzitsi kuti mwanayu akufooka pati. Kafunseninso za mayeso ochita ndi manja a Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture, pakuti sukulu zambiri zoyendera zilibe labu, ndipo makolo mukagwirizana mu PTA mutha kupempha kuti ana azikayesera zipangizo kusukulu yoyandikana nayo. Muli komweko onetsetsani kuti dzina lake, tsiku lobadwa ndi maphunziro amene analembetsa zalembedwa molondola. Chilembo chimodzi cholakwika pasatifiketi chimamuzunza munthu zaka.

Kuwerenga kulipo kuwiri. Kwina ndi kuja mwana amakhala maola atatu maso ali pakope, kumangotembenuza masamba. Zonse zimaoneka zodziwika chifukwa maso aziona kambiri, koma akamulanda kope n'kumupatsa funso, m'mutu mumangoti mbee. Kuwerenga kokhalitsa ndi kotseka buku n'kuyesa kutulutsa zimene zinalowa. Apa ndi pamene inu amene mumati simunapite patali mumafunika koposa. Madzulo mukutonola chimanga muuzeni: "Tseka kopelo, tandifotokozera zimene wawerenga lero, m'Chichewa, kuti ine ndimve." Akuuzeni chifukwa chake mtedza ndi soya zimabwezera chonde m'nthaka. Akuuzeni mmene udzudzu umatengera malungo kwa uyu n'kukapatsira uyo. Akusimbireni chimene chinamukwiyitsa John Chilembwe kuti aukire atsamunda mu 1915, ndi chifukwa chake makolo athu anakana chitaganya cha 1953. Pamene wakakamira, pamene wayamba kuti "chakuti chija, chakuti chija", ndi pomwepo pamene sanamvetse, ndipo wadzionera yekha inu osatsegula buku. Muzimufunsa ngati munthu wofuna kudziwa, osati ngati wapolisi.

Phunziro la Chichewa ndiye lanu lenileni. Ana amalinyozera poganiza kuti amayankhula kale, kenako chimangirizo, chifupikitso ndi chimasuliro zimawagwetsa, pamene likanawapatsa pointi yabwino. Miyambi, zining'a, miyambo ya ukwati, ya maliro, ya ufumu, zonsezi zili m'kamwa mwanu ndi mwa ife agogo awo. Mutitumizire adzukuluwo, tiwamasulire. Ngati pakati pa mabuku awo pali Nthondo wa Samuel Josiah Nthara, muuzeni akusimbireni moyo wa Nthondoyo kuyambira kubadwa, inu muzimudula ndi mafunso.

Mupezereninso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Aphunzitsi amakhala nawo, kujambulitsa sikudula ngati kugula buku. Loweruka masana mumuikire tebulo, ana achoke, inu mugwire wotchi. Pepala likati maola awiri, akhale maola awiri, nthawi ikakwana mulande cholembera. Ambiri amalephera osati chifukwa chosadziwa, koma chifukwa anathera nthawi pa funso limodzi n'kusiya atatu osakhudza. Zimenezi ziyambe msanga, pang'onopang'ono. Inu nomwe mumathira feteleza wokulitsa, n'kudikira masabata angapo, kenako wobereketsa. Mutaunjika matumba onse paphando tsiku limodzi, mmera ungapse. Mutu wa mwana ndi chimodzimodzi. Maola awiri kapena atatu tsiku lililonse kwa miyezi inayi amaposa kuchezera usiku wonse sabata yomaliza.

Za kuchezerazi ndinenepo. Adzukulu anga ena amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, ena amamwa khofi wowawa, ena zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu. Ena amanamizidwa ndi anzawo kuti chamba chimatsegula mutu, pamene chimaononga kukumbukira komweko kumene akukufuna. Makolo mukaona nyali ikuyaka 2 koloko usiku mumanyadira kuti mwana akulimbikira. Madokotala amati wachinyamata wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo zimene munthu wawerenga masana zimakhazikika m'mutu iye ali mtulo. Wogona maola atatu mawa lake amasinza m'kalasi, n'kutaya zimene akanamva kwa mphunzitsi. Kagogodeni, muzimitse nyaliyo. Ngati akufuna nthawi yabata, agone msanga adzuke m'mamawa.

Nyali yabwino pakhomo ikhale ya wolemba mayeso. Kanyali ka sola mukagula kamodzi kamatha zaka, ndipo kwa inu a m'tauni ndi kamene kamapulumutsa magetsi a ESCOM akazima. Koloboyi amafuka utsi wopweteka maso ndi chifuwa, kandulo pafupi ndi neti ndi ngozi. Koma chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo mwana amafuna kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mazenera kuti awerenge mofunda. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Mupatseni juzi ndi bulangete, mbaula itsale panja. Asapite kusukulu m'mimba muli pululu: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika imene nyengo imeneyi imapezeka, chigumu m'thumba, zakwana. Azigona m'neti, ndipo thupi likangotentha mupite naye akayezetse malungo tsiku lomwelo, osayamba mwayesa panado masiku atatu.

Foni musalimbane nayo mokuwa. Magulu a WhatsApp a m'kalasi amatumizirana mafunso ndi manotsi othandiza, koma foni yomweyo ili ndi Facebook, TikTok ndi zobetcha mpira. Panganani kuti nthawi yowerenga foni izikhala m'chipinda chanu, aitenge akamaliza, usiku ibwerere. Nanunso muchitepo mbali yanu: simungamuuze mwana kuti awerenge inu mutatsegula filimu mokweza pabalaza lomwelo. Za patitaimu, ngati mungathe lipirani phunziro limodzi kapena awiri amene akumuvuta, osati onse, ndipo mudziwe amene akuphunzitsa ndi malo ake. Inu amene ana anu akuchita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, musamangotumiza ufa ndi wanjinga. Pitani nokha, nthawi zina mosawauza, mukaone chitseko ngati chimakhomeka, mudziwane ndi eni nyumba. Mtsikana amene ufa ndi sopo zamuthera pakati pa mwezi, amuna a ndalama zawo pamsika amamuona msanga kuposa inu.

Pakamwa panu ndi pamene pamamanga kapena kugumula zonsezi. "Ukalephera usadzabwere pakhomo pano." "Ndagulitsa mbuzi zanga chifukwa cha iwe." "Taona mwana wa anebawa." Mumati mukumulimbikitsa, koma mwanayo mbuzizo akuzidziwa, anaziona zikukokedwa kupita kumsika, ndipo zimamulemera usiku uliwonse. Mantha akachuluka munthu amawerenga mzere umodzi kasanu osamva kanthu. Muuzeni kuti mukuona khama lake. Muuzeni kuti zikhale bwanji zikhale bwanji, pakhomo pano ndi pake. Akakwiya msanga masiku amenewa, akayankha mokhadzula, zina mungozimeza, mudzamudzudzula akalemba. Nkhani zanu za m'banja, ngongole, mikangano ya malire a munda, kakambiraneni kutali ndi khutu lake. Ndipo Lamlungu masana musiyeni akamenye mpira, akaimbe kwaya, akaseke ndi anzake.

Pali chiyeso china chimene chimagwira makolo kuposa ana. Mayeso akayandikira pamatuluka anthu onong'ona kuti pepala lili nawo, tumizani ndalama pafoni. Ambiri mwa iwo ndi akuba, amagulitsa mafunso opeka, mwana n'kutaya masiku omaliza akuloweza zabodza. Ngakhale litakhala lenileni, kumbukirani 2020. Chaka chimenecho sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, mayeso a MSCE anayamba mochedwa kumapeto kwa Okutobala, ndipo mapepala ena anabedwa n'kumazungulira m'mafoni. Kumayambiriro kwa Novembala nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, mayi Agnes NyaLonje, inalengeza kuti mayesowo athetsedwa. Ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021, makolo n'kusakanso ndalama za mayendedwe ndi chakudya, ndipo zotsatira zitatuluka okhoza sanafike theka. Wogwidwa ndi likasa kapena foni m'chipinda cholembera amatha kulandidwa zotsatira zake ngakhale kumangidwa kumene. Kholo logulira mwana likasa lamuuza kuti silimukhulupirira, ndipo mawu amenewo mwana amawamva ngakhale simunawanene. Zithumwa ndi mankhwala opaka pacholembera nazonso zimangomuchotsa mtima pa zimene anawerenga. Kupemphera pempherani naye, ine ndimawapempherera adzukulu anga mmodzimmodzi pomutchula dzina, koma usiku woti mawa akulemba si wopita naye kumapemphero ochezera.

Ndandanda wa mayeso ukatuluka, koperani mumate pakhoma pamene aliyense aziuona, muziuwerenga limodzi madzulo alionse, chifukwa pepala la m'mawa munthu akaliyesa la masana, lapita. Dziwani kumene akalembere, popeza nthawi zina sukulu zingapo zimasonkhanitsidwa pamalo amodzi, kutali ndi kumene anazolowera. Njinga ikonzedwe, ndalama ya kabaza ikhale padera. Chiphaso chake cha MANEB, zolembera ziwiri kapena zitatu, pensulo, rula ndi kakyuleta zigone m'chikwama. Mumudzutse ndinu. Akabwerako musamuyambe ndi "zayenda bwanji, wakhoza?" Mupatseni madzi osamba ndi nsima, akafuna kukamba akamba yekha. Akabwera akulira kuti lamuvuta, muuzeni kuti limenelo lapita, maso akhale pa la mawa.

Akamaliza kulemba pamakhala miyezi yodikira, ndipo ntchito munamuchotsera zija zibwerere, asamangoyendayenda pamsika. Zotsatira zikatuluka zabwino, lululutani, iphani nkhuku. Zikatuluka zosakondweretsa, tsiku limenelo gwirani pakamwa. Njira zilipo: atha kubwereza kusukulu ya masana ija amati Open n'kulembanso, atha kukonza maphunziro amene anagwa, atha kukaphunzira ntchito zamanja kudzera ku TEVETA m'makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete kapena Salima. Mtsikana amene anapatsidwa mimba ali pasukulu, ndondomeko ya boma chiyambire 1993 imamulola kubwerera akabereka, ndipo ife agogo tilipo kuti titsale ndi khandalo. Koma zonsezi ndi zokamba pambuyo. Masiku oyambawo muzimuyang'anitsitsa. Mukaona wasiya kudya, akudzitsekera m'chipinda, akugawa zinthu zake, kapena akunena kuti kuli bwino atangochoka padziko, musati akuopseza. Musamusiye yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe muwachotse m'nyumba, itanani munthu amene mwanayo amamasuka naye, kaya atsibweni ake, kaya mphunzitsi, kaya abusa kapena ashehe, ndipo mupite naye kuchipatala akaonane ndi aphungu. Za kubwereza mudzakambirana akayambanso kudya.